Agide sanali pamzere

Msuweni wanga wa ku Ndirande ananditumizira chithunzi pa WhatsApp usiku wina. Panali nkhope ya a Giddes Chalamanda akumwetulira, ndipo m'munsi mwake wina analembamo m'Chingerezi uthenga wakuti pamoyo palibe kuchedwa, aliyense nthawi yake idzakwana. Pansi pa chithunzicho iye anaikapo funso lakelake: "Asuweni, mukuona bwanji? Ndipitirize?"

Mnyamatayu ali ndi zaka 27. Masana amakonza mafoni pa benchi ya mnzake mumsika, usiku amajambula nyimbo pa laputopu m'kachipinda kamene anakhomamo matireyi a mazira kuti mawu asamabwerere kuchokera kukhoma. Watulutsa nyimbo 9. Imene inayenda kuposa zonse inamvedwa ndi anthu oti angakwane m'tchalitchi chimodzi, mipando ina n'kutsala. Mayi ake, amene ndi azakhali anga, akufuna apite ku Johannesburg akagwire ntchito yooneka ndi maso. Funso lake silinali lamasewera, ndipo sindinaliyankhe usiku umenewo. Chithunzicho chinandinyansa, ndiye ndinafuna ndidziwe kaye chimene chinandinyansa, popeza a Chalamanda ndimawakonda ndipo msuweni wangayo ndimamufunira zabwino.

Nkhani imene chithunzicho chatsamira ndi yoona. A Chalamanda, amene ambiri timangoti Agide, anabadwa mu Januwale 1930 ku Chiradzulu, ndipo anayamba kuimba ali mnyamata, dziko lino likadali m'manja mwa atsamunda. Mu 2020 Patience Namadingo, amene nthawi imeneyo ankajambulanso nyimbo zakale pamodzi ndi eni ake monga Lucius Banda ndi Billy Kaunda, anakhala pansi ndi mkuluyu n'kulumikiza nyimbo zawo zingapo pa chamba cha reggae. Kachidutswa kamodzi, ka "Linny Hoo", kanadumpha malire. Pofika kumapeto kwa 2021 kanali ponseponse pa TikTok, anthu akuvinira kuyambira ku South Africa mpaka ku Asia. Mu Januwale 2022 bungwe lofalitsa nkhani la AFP linalemba kuti nyimboyi yaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, ndi kuti mwini wake, wa zaka 92, analibe foni yamakono ndipo TikTok sankaidziwa n'komwe.

Zonsezi zinachitikadi. Vuto langa lili pa masamu amene chithunzicho chikupanga nazo. Chikutenga zaka zoposa 70 za kuimba n'kuzisandutsa nthawi yodikira, ngati Agide anali pamzere wa kuchigayo ndi thumba lawo la chimanga, akusuntha pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina wapachigayo anawaitana. Amene akuona chithunzicho akuuzidwa kuti nayenso agwire thumba lake aime pamzere womwewo, asachoke, asadandaule. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komatu ife amene tinakula m'ma 1990 tikudziwa kuti munthuyu sanali pamzere. Tinkamva "Che Meli", "Napolo" ndi "Buffalo Soldier" pa wailesi ya MBC, ndipo makolo athu ankazidziwa ife tisanabadwe. Mu 2016, ali ndi zaka 86, anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama kuti akaone dziko la America limene ankalilakalaka mu "Buffalo Soldier", ndipo anakaimba ku Library of Congress mumzinda wa Washington. Zimenezi zinachitika Namadingo asanawaitane, TikTok isanafike m'mafoni athu. Ntchito yanga ndi yomasulira, choncho ndimakhumudwa ndi mawu ena pamene anzanga amangodutsa. Nkhani zakunja zikamakamba za oimba athu zimakonda liwu limene m'Chichewa timalimasulira kuti kutulukira. Ndikalilemba, chiganizocho chimayamba kuseketsa chokha. Timatulukira chinthu chobisika, chiwembu kapena mankhwala atsopano. Munthu amene mudzi wonse umamudziwa, amene minibasi zimaliza nyimbo zake, amatulukiridwa bwanji? Ndi kutulukira komwe kuja kwa David Livingstone mu 1859, pamene anafika panyanja n'kupeza asodzi akuyanika maukonde awo.

Tsono tiyeni tisiye chithunzi, timvetsere nyimbo, chifukwa kukula kwa woimba kumamveka m'nyimbo zake.

Mukamvetsera Agide ali okha ndi gitala, kapena ali ndi anthu ochepa owaperekeza monga Edgar ndi Davis, choyamba chimene khutu limagwira n'chakuti zinthu zake n'zochepa. Kagwiridwe ka nsambo kudzanja lamanzere, kamene oimba amati makodi, kamangozungulira malo atatu kapena anayi. Dzanja lamanja limakwapula nsambo zonse pamodzi monga amachitira woimba banjo, chida chimene anyamata a m'badwo wawo ankapanga okha ndi chigubu ndi mawaya. Mizere ya mawu ndi yaifupi ndipo imabwerezedwa kambirimbiri. Wina wongodutsa anganene kuti mwana wa sitandade 5 angathe kuimba zimenezi atapatsidwa gitala sabata ziwiri. Yesani. Ine ndinayesapo ndi gitala ya mnzanga, ndipo makodiwo ndinawapeza madzulo amodzi. Chimene sindinapeze mpaka lero ndi polowera.

Mawu a Agide salowa pamene munthu wophunzira nyimbo m'kalasi angawayembekezere. Nthawi zina amachedwa pang'ono, ngati mlendo amene waima pakhomo kuti aodire kaye. Nthawi zina amalumphira kutsogolo gitala isanamalize kuzungulira. Mzere umodzi womwewo akauimba kachitatu, kachitatu konseko umagwa malo osiyana, ndipo liwu limene analikoka poyamba amalidula pachiwiri. Liwiro nalo limapuma: limakwera nkhani ikafika pokoma, limatsika akafuna kuti mumve dzina la munthu. Owaperekeza amayenera kuyang'ana dzanja lawo ndi pakamwa pawo, chifukwa kuwerenga mumtima kokha sikungawathandize. Kwa ine apa ndi pamene pali zaka 70 zija. Munthuyu amayeza nyimbo ndi mpweya wa chiganizo, monga amachitira wokamba nthano waluso. Luso lotere limabwera kwa munthu amene waimbapo kambiri pamalo opanda zokuzira mawu, pamsika, paukwati, pamowa, pamene anthu ali ndi ufulu wotembenuka n'kumapita, ndipo chokhacho chowagwira ndi kusadziwa kuti mzere wotsatira ugwa pati. Kubwereza kumawapatsa anthu poponda, kusinthasintha kumawaletsa kugona. Kusakaniza ziwirizi pamuyeso woyenera si ntchito ya sabata ziwiri.

Mu situdiyo yamakono zimenezi zimatchedwa kuphonya. Pa kompyuta pamakhala kachipangizo kogogoda nthawi, go, go, go, ndipo woimba amavala zomvera kumakutu kuti akatsatire. Chilichonse chimene chagwa pambali, wojambula amachikoka ndi chala n'kuchibwezera pamalo pake. Msuweni wanga amatha usiku wathunthu akuchita zimenezi ndi mawu ake omwe.

Apa ndi pamene ntchito ya Namadingo iyenera kuweruzidwa, ndipo ndikufuna ndiiweruze mwachilungamo, chifukwa alipo ena amene amangoti anaononga nyimbo za makolo. Sindigwirizana nawo. Choyamba, reggae si mlendo kwathu. Inakhazikika ku Balaka kudzera mwa Paul ndi Lucius Banda, inakhazikika ku Chileka kudzera mwa Evison Matafale ndi Black Missionaries, mpaka ana ambiri amaiyesa chamba chamakolo. Kuika Agide pa reggae kunali kuwasamutsa kuchoka m'nyumba ina ya pamudzi kupita m'nyumba ina ya pamudzi pomwepo. Chachiwiri, Namadingo anaonetsa mwambo umene oimba otchuka ambiri alibe. Ali ndi mawu osalala oti akanatha kuphimba mkuluyu, koma anadziika kumbuyo: amayankha, amathira mawu apamwamba, amasiya mpata. Kusalala kwake kumachititsa kuti kukhakhala kwa mawu a Agide kumveke ngati chuma. Dzina la mwini nyimbo silinabisidwe. Mwana amene sakanaima kumvetsera gitala youma ya munthu wa zaka 90 anaima, ndipo ena mwa iwo anapita kukafuna nyimbo zakalezo. Zimenezi si zazing'ono.

Koma panali mtengo wake, ndipo tisaubise. Ng'oma ndi besi za reggae zikalowa, wotchi imachoka m'manja mwa Agide. Gitala yawo, imene inali msana wa nyimbo, imabwerera kumbuyo, ndipo liwiro lija lopuma limasanduka msewu wa tala. N'chifukwa chake kachidutswako kanayenda bwino pa TikTok: kugunda kosasintha n'kosavuta kudula, kubwereza ndi kuvinira m'masekondi ochepa. Dziko linamva mawu a munthuyu popanda dzanja lake. Linalandira theka la luso, ndipo theka limene linatsala ndi limene linatenga nthawi yaitali kulipeza. Ngakhale zili choncho, mukamvetsera bwino mupeza kuti mkuluyu sanagonje kwathunthu. Mkati mwa kugunda kowongoka kuja mawu awo amakokabe, amatsalira kenako n'kupeza anzawo, ndipo malo okoma kwambiri m'nyimboyo ndi omwewo amene kompyuta ikanafuna kuwakonza. Ndimakhulupirira kuti ambiri mwa anthu amene anaionera aja anakopeka ndi kukokako osadziwa dzina lake.

Nanga mawu a nyimboyo? Mnzanga wina wa ku Kenya, womasulira mnzanga, anandipempha kuti ndimuuze tanthauzo lake. Ndinachita manyazi, chifukwa mbali yaikulu ndi ya m'Chiyao, ndipo Chiyao changa ndi cha moni ndi kutsatsa malonda basi. Ndinaimbira foni azakhali, mayi a msuweni wanga yemwe uja, amene anakulira pakati pa Ayao.

"Azakhali, nyimbo ija ya Agide kwenikweni ikunena chiyani?"

Anaseka. "Iwe ndi masukulu ako onse aja sukumva? Akumuyamikira mwana wawo. Wadzuka m'mawa, wasesa pabwalo."

"Basi?"

"Nanga umafuna chiyani china? Mwana wosesa asanatumidwe ukumuona wochepa?"

Ndinaganizira yankho limeneli masiku angapo. Nyimbo imene anthu aisandutsa umboni wakuti tsiku lalikulu likubwera ikuyamikira ntchito imene ilibe tsiku lalikulu. Bwalo silisesedwa kamodzi n'kutha. Mizere ya tsache imene imakongola m'mamawa, pofika masana nkhuku zapalasa, mphepo yagwetsa masamba, ana aponda. Mawa ntchito ndi yomweyo. Palibe amene amasesa kuti adzatulukiridwe, komabe pamudzi aliyense amadziwa khomo limene limasesedwa bwino, ndipo wosesa wa zaka 10 amasiyana ndi wa zaka 40: wamkuluyo satulutsa fumbi, sasiya ngodya, satopa msana. Bambo amene anaona zimenezi mwa mwana wake n'kuziyesa zoyenera nyimbo ndi munthu amene amadziwa mtengo wa ntchito yobwerezabwereza. Wopanga chithunzi chija akanafunsa tanthauzo la nyimbo, mwina akanafuna nkhope ina.

Pali chinanso chimene chithunzicho sichinena. Kuti masamu ake atheke, woimba ayenera kukhala ndi moyo zaka 90, m'dziko limene ambiri safika 70. Allan Namoko, wosaona wa ku Thyolo amene banjo yake ndi Chimvu River Jazz Band zinalira pa wailesi zaka zambiri, anamwalira mu 1995 ali wosauka. Kodi iyeyo sanadekhe mokwanira? Daniel Kachamba, amene ankaliza gitala imodzi ngati pali anthu atatu, wina akugunda besi, wina akusunga kayendedwe, wina akuimba pamwamba, anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40. Iye ndi mng'ono wake Donald anakumana ndi katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, mu 1967 akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo kukumanako kunawatsegulira njira ya ku Ulaya. Donald anafika pophunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles asanamwalire mu 2001. Nkhani yawo nayonso imakambidwa ngati ya kutulukiridwa. Koma chimene chinamuimitsa Kubik mumsewu chinali chopsa kale. Anyamatawo anatenga kwela ya ku South Africa ndi magitala a ku Salisbury n'kuziphika mwa iwo okha. Mlendoyo anabweretsa makina ojambulira ndi matikiti a ndege. Luso analipeza lilipo.

N'chimodzimodzi ndi Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anaimba zaka zambiri m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni, gitala ya nsambo zinayi ndi ng'oma yogunda ndi chidendene, asanakwere nsanja ya Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 n'kuyamba kutulutsa zimbale ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Nkhani iliyonse yokamba za iwo imathamangira pa ndege yoyamba. Ndi zochepa zimene zimafunsa kuti anthu awiri amaphunzira bwanji kudzaza bwalo lonse ndi zida zitatu zokha.

Timakonda nkhani za kutulukiridwa chifukwa zili ndi tsiku, zili ndi chithunzi, ndipo zimatichotsera mlandu. Mlandu wake ndi wa ndalama. Oimba a m'badwo wa Agide anakula m'nthawi imene wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo ambiri nyimbo zawo zinajambulidwa m'situdiyo za wailesiyo kuti ziziulutsidwa, osati kuti zigulitsidwe ngati zimbale. Bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, COSOMA, linayamba ntchito mu 1992, pamene Agide anali atapitirira kale zaka 60. Nyengo ya makaseti inabwera n'kupita, nyengo yokopera nyimbo pa memori khadi pamsika inabwera n'kukhala. Ndipo pa TikTok, kuonedwa si ndalama. Kampaniyo imachita mapangano ndi makampani a nyimbo ndi ogawa nyimbo pa intaneti, ndipo kuti kangachepe kafike kwa mwini, nyimboyo iyenera kukhala yolembetsedwa m'dzina lake kudzera mwa ogawawo, pakhale pepala lonena kuti wopeka ndani, wojambula ndani, ndipo agawana motani. Munthu akangoika kachidutswa kuchokera pafoni yake, anthu mamiliyoni n'kukagwiritsa ntchito, chiwerengero chimakwera koma thumba la woimba silidziwa kanthu. Pamene AFP inkalemba nkhani ija, owathandiza Agide anali akufufuzabe njira yoti mkuluyu apezeko phindu pa kutchuka kumeneku.

Chilimbikitso cha pa WhatsApp chimatenga mafunso onsewa, a mapangano, a malamulo, a amene amalipira ndi amene salipira, n'kuwasandutsa funso limodzi la mumtima mwa woimba: kodi uli ndi chikhulupiriro chokwanira? Akalephera, ndiye kuti anataya mtima msanga. Mwini bala amene amaliza nyimbo zake usiku wonse osalipira chiphaso, wokonza phwando amene amalipira woimba ndi mbale ya mpunga ndi mawu akuti ukudziwikatu, ine amene ndinalandira nyimbo zonse za Namoko pa Bluetooth kwaulere, tonsefe timatuluka oyera. Mawu olimbikitsa ndi otsika mtengo kuposa tikiti yapakhomo.

Ndisamalize ngati ndikuwapaka Agide mafuta okhaokha. Pali funso limene munthu woona mtima ayenera kufunsa: kodi kuimba nyimbo zomwezomwezo zaka makumi angapo n'kukula? Nyimbo zawo zodziwika n'zowerengeka pa zala, ndipo amene wapitako kumaphwando awo kangapo amadziwiratu zimene amve. Wambali Mkandawire anayenda ulendo wooneka, kuchoka m'magulu oimba nyimbo zachizungu kufika pa jazi wa m'Chitumbuka wa mu chimbale cha Zani Muwone, ndipo munthu angathe kuloza kuti apa anasintha, apa anakwera. Agide alibe makwerero otere. Ine ndimati kukula kuli mitundu iwiri, kwa mtengo wotambalala ndi kwa chitsime chozama, ndipo kwawo ndi kwachiwiriku. Komabe ndivomere kuti chitsime chimatha kusanduka dzenje. Ndinawaonapo usiku wina pamene nyimbo zinangodutsa mwamwambo, mkuluyu atatopa, gulu lowaperekeza likuthamanga, ndipo chimene anthu ankakuwira chinali kuvina kwawo ndi msinkhu wawo. Mafoni anali m'mwamba kujambula agogo oseketsa. Ochepa ndi amene ankamvetsera. Mbali ina ya kutchuka kwawo kwatsopano ndi yotere, ndipo imandipweteka: tawasandutsa chodabwitsa cha zaka, ngati chinthu chachikulu chimene anachita ndi kusamwalira. Chithunzi cha msuweni wanga ndi mwana wa khalidwe lomweli. Chimalemekeza kupirira kwawo chifukwa kupirira n'kosavuta kukuona, pamene kumva polowera mawu awo kumafuna kuti munthu akhale chete mphindi zisanu.

Ngakhale "Buffalo Soldier" timaimva molakwika mwina. Timati ndi loto limene linakwaniritsidwa mu 2016, ndiye umboni wina wakuti ukalota usasiye. Koma nyimboyo inali yokoma zaka zonse zimene ulendowo unali usanachitike, ndipo ikanakhala yokoma ngakhale ukanapanda kuchitika. Mphamvu yake ili m'Chingerezi chake cha munthu wa ku Chiradzulu chosapepesa kwa aliyense, ndi m'kuseka kobisika kwa munthu amene akudziwa kutalika kwa America ndi kufupika kwa thumba lake. Tikiti ya ndege inasangalatsa mwini wake, ndipo anaiyenera, koma sinawonjezere kanthu pa nyimboyo.

Patapita masiku anayi ndinamuyankha msuweni wanga. Sindinamuuze kuti apitirize kapena asiye, chifukwa lendi ya nyumba yawo sindilipira ine, ndipo ku Johannesburg nakonso anthu amaimba. Ndinamuuza kuti chithunzicho achifufute. Ndinamvetseranso nyimbo zake zonse 9 motsatana, monga ndimachitira ndi zolemba zimene ndapatsidwa kuti ndimasulire, ndipo ndinamulembera zimene ndinamva. Zisanu zoyambirira ndi za munthu wina wa ku Lagos amene wabwereka pakamwa pake. Yachisanu ndi chimodzi ndi amapiano amene aliyense wa laputopu angapange. Koma mu yachisanu ndi chiwiri, ndime yachiwiri, pali masekondi pafupifupi 20 pamene amaiwala kuti akujambula n'kuyamba kuimba monga amayankhulira pa benchi paja akamakangana ndi kasitomala wokana kulipira, mawu othamanga, odukaduka, a Chichewa cha mu Ndirande. Pamenepo amaphonya kugunda kawiri, ndipo zikumveka kuti anayesa kukonza koma zinakanika. Ndinamuuza kuti malo amenewo ndi okhawo m'nyimbo zonse 9 amene sindinawamvepo kwina kulikonse. Ndinamufunsanso ngati nyimbo zakezo anazilembetsa ku COSOMA, ndi ngati mnzake amene amamupangira zoimbira anasainirana naye kalikonse.

Anayankha kuti ayi, zonse ziwiri. Kenako anakhala chete sabata yathunthu, ndipo ndinaganiza kuti ndamulasa.

Loweruka lotsatira, cha m'ma 2 koloko usiku, foni inalira. Unali uthenga wamawu wa mphindi zitatu, wopanda moni. Anajambulanso nyimbo yachisanu ndi chiwiri ija ndi gitala yobwereka, kogogoda nthawi kaja atakazimitsa. Gitalayo saidziwa bwino, ndipo ndime yoyamba ikugwedezeka ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Ndime yachiwiri yaima. Chakumapeto, nyimbo isanathe, kukumveka chitseko chikutseguka, kenako mawu a azakhali akufunsa ngati mayunitsi a magetsi amenewa akugula ndi iyeyo.